Phazi Lamanzere la Ahedi

Inu, Achemwali anatha zaka khumi akudula mapateni a nsapato m'shopu ya bambo awo. Kasitomala aliyense anali ndi makatoni ake awiri, phazi lamanja ndi lamanzere, pamsomali wakewake. Ndiye kunatulukira kamlongo kawo, kamene tonse timakatcha Satifiketi. Anakaphunzira zosoka nsapato miyezi itatu yokha, koma pepalalo mpaka kuliika m'felemu!

Bambo maso anali atatopa. Anati Satifiketi asoke nsapato za Ahedi a kusukulu kwathu, ndipo zikawakwana, benchi ya bambo yosokerapo nsapato ikhala yake. Benchi imene Achemwali ankaiyembekezera zaka zonsezi.

Ahedi anabwera m'mawa. Satifiketi anawakhazika pampando, n'kujambula phazi lamanja pakatoni, basi n'kupanira pensulo kukhutu.

"Nanga linalo?" anafunsa Achemwali.

"Timangotembenuza katoni, achemwali. Zopachika zinyalala pamisomalizi n'zachikale."

Achemwali ntchitoyi ankaidziwa. Munthu umamujambula ataimirira, masana, mapazi atatupa kale. Komanso phazi lamanzere la Ahedi lili ndi chotupa pachala chachikulu, ndipo pateni yake inali lende pamwamba pa mutu wa mbuliyo.

"Chabwino, apulofesa," anatero, n'kupitiriza kunola mpeni.

Lachisanu masana Ahedi anabwera kudzayesa. Yamanja inalowa mokakamiza. Yamanzere, aaa! Anakoka, anapondaponda, thukuta kamukamu, chidendene chili panja.

"Mwana iwe, wasokera ine kapena mdzukulu wanga?"

"Chikopa chimafutukuka, mayi."

"Ndiye uzivala ndiwe mpaka chifutukuke!"

Achemwali anatembenukira kwa bambo. Bambo anakhosomola, n'kusisita kansapatoko.

"Aphunzira pang'onopang'ono. Benchi atenge ndithu, ndi mwamuna. Iwe uzimudulira mapateni."

Achemwali anaika mpeni pansi. Anakwera pampando n'kuyamba kutsitsa makatoni: a anamwino, a abusa, a dalaivala wina wotsimphina, onse m'thumba. Khoma linatsala misomali yokhayokha.

"Mukupita nawo kuti amenewo?" anafunsa Satifiketi.

"Si zinyalala? Ndikukusesera m'shopu. Ujambule limodzi, uzitembenuza."

Ali pakhomo anamva phaphata kumbuyo. Anali Ahedi, nsapato zawo zakale atangoponda kuchidendene.

"Tadikira, mwanangu. Mapazi anga ali m'thumbamo, ndiye ukupita nawo kuti osandiuza?"