Mkwati Wopanda Nkhope

Funsani anamuzindikira mkwati kudzera m'galasi la kamera. Anali atagwada pakhomo pa tchalitchi ku Mbulumbuzi kudikira kuti galimoto yokongoletsedwa ndi maluwa a pepala itseguke. Munatuluka munthu wamtali wovala suti yotuwa, ndipo Funsani atakweza kamera kufika kumaso kwa munthuyo, chala chake chinauma pa batani. Anali Chancellor.

Ntchitoyi anam'patsa ndi a Nabanda, mayi a mkwatibwi, omwe anabwera okha kukashopu kake ku Namitambo atamva kuti amajambula bwino. Dzina la mkamwini wawo sanalitchule. Anangoti ndi mnyamata wogwira ntchito ku Joni, waulemu kwabasi, ndipo Funsani sanafunse zambiri.

Chancellor ameneyu ndi yemwe anapatsa mimba Misozi, mlongo wake wa Funsani, n'kusowa mimbayo isanaoneke n'komwe. Akuluakulu a mbali zonse atakhala pansi ku Likoswe, anamuimbira foni kuti ayankhe onse akumva. Iye anaseka kaye, kenako anati mwanayo sakumudziwa, amufunse mwini wake Misozi chifukwa anzake anali ambiri. Misozi anali pomwepo pamkeka. Kuchokera tsiku limenelo anasiya kwaya, anasiya sukulu, ndipo kuchigayo ankapita anthu atabalalika. Mwanayo, kamtsikana kotchedwa Success, tsopano kankathamanga ndi kuyankhula, koma kuchokera ku Joni sikunabwerepo ngakhale thewera.

Chancellor naye anamuona Funsani. Kumwetulira kunam'thawa, kenako anakubweza mokakamiza. Anayandikira ngati akufuna kufunsa za zithunzi.

"Achimwene, lero lokha," ananong'oneza. "Zinazo tidzakambirana ngati amuna."

"Imani bwino, bwana mkwati," anatero Funsani. "Tayi yapendeka."

M'tchalitchi munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Funsani anaima m'mbali. Akanatha kuyankhula pamene abusa ankafunsa ngati alipo wodziwa choletsa ukwatiwo, koma dzina lotafunidwa m'mudzi monse likanakhala la Misozi. Akanathanso kulongedza katundu wake n'kubwerera. Anayang'ana kamera ili m'manja mwake, ndipo maganizo ena anamufikira mwakachetechete ngati njoka yolowa m'khola.

Wojambula aliyense amadziwa kuti dzuwa ndi bwenzi likakhala kumbuyo kwako kapena pambali, koma likalowa m'galasi limasanduka mdani. Chithunzi chimachita chifunga, pamatuluka timadontho tozungulira tobiriwira ndi tofiira, ndipo pamene kuwala kwamenya kwambiri sipatsala kanthu. Funsani anaononga zithunzi zambiri asanaphunzire kupewa zimenezi. N'chifukwa chake kukamwa kwa galasi lake sikunkachoka kachipewa kakuda kotchingira kuwala, ndipo m'thumba la malaya munkakhala kansalu kopukutira, poti galasi lothimbirira limamwaza kuwala ngati madzi othira pamwala. Dzuwa likavutitsitsa, ankasuntha phazi limodzi kuti libisale kuseri kwa mtengo, kapena ankatchinga ndi chikhatho.

Kwaya ikuimba, Funsani anamasula kachipewako n'kukaponya m'chikwama. Anapukuta thukuta pamphumi ndi chala chachikulu, n'kuchidinda kumtunda kwa galasi.

Anasankha malo oti zenera lalikulu la kuguwa likhale kuseri kwa mutu wa mkwati. Mphete ikulowa pachala anajambula manja okha. Akutuluka, amayi akululutira ndi kuyala zitenje, anajambula mkwatibwi, Tracy, msungwana wa maso aakulu yemwe ankaseka ndi nkhope yonse. Pamenepo Funsani anatsitsa kamera pang'ono. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ankatero malemu amalume ake. Koma anakumbukira Misozi pamkeka paja, akukanda dothi ndi kachitsotso, ndipo anakwezanso kamera.

A Nabanda ankafuna zithunzi za banja zijambulidwe masana omwewo.

"Mayi, dzuwa la paliwombo limadetsa maso," anawauza Funsani. "Tidikire lipendeke."

Litapendeka, anawatengera kumapeto kwa bwalo, m'mbali mwa munda wa nandolo wouma, n'kuwaimika chofulatira kumadzulo. Chancellor anali wamtali kuposa onse, choncho dzuwa linakhala pakhutu pake penipeni, pamene Tracy, wamfupi, anabisala mumthunzi wa phewa lake. Funsani ankasuntha pang'onopang'ono mpaka kuwala kutasefukira m'galasi.

"Mwetulirani, bwana mkwati," ankatero. "Kwezani mutu. Eya, pomwepo."

Chancellor ankamwetulira mpaka mano onse kuonekera, poganiza kuti nkhani yatha. Pambuyo pake Funsani anapukuta galasi, anabwezera kachipewa, n'kujambula Tracy ndi mayi ake pamthunzi wa mtengo wa mango. Zimenezo anazijambula ndi mtima wake wonse.

Mnyamata wotsuka zithunzi ku Limbe atazitsegula pakompyuta anapukusa mutu.

"Biggie, izi zapsatu. Titsuke zomwezi?"

"Tsukani zonse. Chachikulucho muchiike m'felemu."

Anatumiza alubamu ndi felemu pa njinga yamoto, n'kudikira. Ankayembekezera Chancellor, ndipo mawu omulandira nawo anali atawanola kale. Koma amene anafika Lachisanu masana anali Tracy, yekha, atavala chitenje cha pa ukwati paja, katundu yense ali m'jumbo.

Anakhala pabenchi n'kuyala alubamu pamiyendo. Tsamba lililonse linali chimodzimodzi: velo loyera, maluwa, ankhoswe, iye mwini akuseka, ndipo pambali pake suti yotuwa yokhala ndi tayi, koma pamwamba pa kolala pali chibulunga choyera chokhala ndi mchira wa timadontho.

"Amuna anga abwerera ku Joni dzana," anatero Tracy motsitsa mawu. "Za m'mafoni mwa anthu n'zakutali, zangodzaza mitu ya anthu ena. Ndimafuna chimodzi chokha choti ndipachike. Anthu akuti pakompyuta mumatha kukonza."

Funsani anatsegula laputopu n'kumuonetsa. Anatenga kadontho kobiriwira komwe kanagwera pa diresi, n'kukaphimba ndi nsalu ya pambali pake mpaka kanazimirira. Anadetsako chithunzi chonse, chifunga chinachepa, masamba a nandolo anaoneka. Kenako analoza pamutu pa mkwati. Anadetsa mpaka kumapeto, koma chibulunga chija chinangosanduka chotuwa ngati phulusa.

"Madontho amachoka, chifunga chimachepa," anatero. "Koma apa kamera sinaone chilichonse. Chomwe sichinalowe sindingachitulutse."

Tracy anavundukula masamba mpaka pa zithunzi za pansi pa mango. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Izi ndiye zili bwinobwino. Dzuwa lake linali lomwelo, kamera yomweyo." Anakweza maso. "Amuna anga ataziona sanakalipe. Anangoti ndizitaye, ndisabwere kuno. Munthu amene ndimam'dziwa ine akanabwera kudzaswa shopu ino. Anakulakwirani chiyani, bambo?"

Funsani anatsegula pakamwa, koma mawu onse amene ananola aja anali olandirira Chancellor, osati iye. Nthawi yomweyo nsalu ya pakhomo inakankhidwa. Analowa Misozi, yemwe Lachisanu lililonse ankabwera kudzagulitsa zitumbuwa pamsika, ndipo kutsogolo kwake kunali Success atagwira chitumbuwa cholumidwa.

Mwanayo anaima pakati pa shopu n'kumuyang'anitsitsa mlendoyo. Kenako anamwetulira. Mphumi yotambalala ija, makutu oimirira aja, kachibowo ka patsaya la kumanzere, zonse za Chancellor zinali pamenepo.

Tracy anayang'ana mwanayo, anayang'ana Misozi, n'kubwereranso kwa mwanayo.

"Dzina lako ndani?" anafunsa.

"Success."

"Bambo ako ali kuti?"

Mwanayo anacheukira mayi ake. Misozi anali ataona kale felemu itatsamira khoma, ndipo suti ndi msinkhu zinam'kwanira kuzindikira kuti anali Chancellor.

"Alibe," anayankha Misozi. "Anatero eni ake, akuluakulu akumva."

Tracy sanalire. Anasolola zithunzi za iye ndi mayi ake, anazikulunga pansonga ya chitenje, n'kuimirira. Alubamu ndi felemu anazisiya pabenchi. Pakhomo anatembenuka.

"Mukanandiuza m'mawa uja, bambo, ndisanavale mphete. Munali nayo nthawi." Anatuluka n'kulowera kusiteji ya njinga osacheukanso.

M'shopu munatsala phokoso la msika lokha. Funsani ankayembekezera kumva kukoma, koma m'kamwa mwake munali ngati watafuna mango osakhwima.

"Anakutumani ndani, achimwene?" anafunsa Misozi.

"Mlandu suola, Misozi."

"Mlandu wake wa yani? Ine anthu anali atayamba kundiiwala. Mawa lino dzina langa likhala likuyenda kuyambira kuno mpaka ku Mbulumbuzi. Ndiye mtsikana uja wakulakwirani chiyani?"

Funsani anaimirira. Anatenga felemu ija kuti akaiponye kuseri kwa shopu, kumene ankatentha zinyalala.

"Dikirani," anatero Misozi.

Anailandira ndi manja awiri n'kupita nayo pakhomo pomwe panali kuwala. Anayang'ana nsapato zonyezimira, suti, dzanja lovala mphete, mpaka anafika pa chibulunga choyera chija. Anakhala chiyang'anire, ndipo Funsani anaona kukamwa kwa mlongo wake kukusuntha pang'ono, ngati munthu amene akulimbana ndi chiseko pamaliro.

"Mbali ya mtsikanayu muidule, si yanga," anatero Misozi. "Yotsalayo mundipatse. Tsiku lina mwanayu adzafuna kuona bambo ake."

Funsani anatulutsa chithunzicho m'felemu, anatenga lumo, n'kudula mosamala potsata m'mphepete mwa velo. Misozi anaika chidutswa chakecho pansi pa beseni la zitumbuwa, anavundikira ndi nsalu, n'kusenza. Success anam'gwira chitenje, ndipo awiriwo anatsetsereka kulowera kumsika, mwana akudumpha mithunzi ya njinga zoimikidwa m'mbali mwa msewu.