Batire la ba Chalwe

Ba Chalwe adasiya kuphika pamsika wa Kabwata chifuwa chitawakanika. Adokotala adati utsi wa mbaula udawononga mapapo ndipo sadzabwereranso mwakale. Zonse zimene adawauza kuti azipezako tulo adachita. Mbaula adaitulutsa panja, tiyi wamadzulo adasiya, ndipo ankagona chotsamira mapilo. Koma tulo tabwino tinkabwera pokhapokha makina a okosijeni akamalira pambali pa bedi, kachubu kali m'mphuno. Chaka chimenecho magetsi ankangozima, nthawi zina tsiku lathunthu. Makina akazima, ba Chalwe ankadzidzimuka ngati munthu amene akumira.

Amene adawathandiza anali ba Lukonde, amake Mwelwa, mnzawo wogwada naye m'pemphero kwa zaka zambiri, wapampando wa amayi a mpingo. Iwo ndiwo adachonderera akulu a mpingo kuti batire lalikulu la kwaya, lokhala ndi pobayira mapulagi, libwerekedwe kwa wodwalayo. Litafika, ba Chalwe adagona mpaka dzuwa kuwawomba kumaso. Adadzuka akung'ung'udza nyimbo ya chiyamiko ndi kampweya kawo kochepako.

"Pa Sande mukachitile umboni," adatero ba Lukonde. "Koma za makina musatchule. Ulemelelo upite kwa Ambuye, osati kwa batile."

Ba Chalwe adaona kuti ndi mawu oyenera. Lamlungu adaimirira nati, "Abale, Ambuye andipatsa tulo." Nthungululu zidalira. Wina kumbuyo adafuula kuti wachiritsidwa, tchalitchi chonse chidayamba kuimba, ndipo iwo mpweya wowongolera mawuwo adalibe. Adangokhala pansi misozi ili mbwembwembwe.

Lachinayi masana galimoto idaima pageti.

"Shani, ba Chalwe? Koma mukuwala lelo!" adalonjera ba Lukonde. "Tabwela kutenga batile."

"Kutenga? Nanga ine?"

"Imwe mwachila, mpingo wonse unamva. Akulu avomeleza kale. Kapena chikhulupililo chanu chili mu waya?"

"Amake Mwelwa, si ndimwe munandiuza kuti ndisatchule makina?"

"Ine ndinakuuzani kuti muname?" Adaseka, nawasisita paphewa. "Pa Chiwelu musachedwe. Muvale chitenge chija."

Apo ndi pamene ba Chalwe adamvetsa. Loweruka kunali kicheni pate ya Mwelwa, mwana wa ba Lukonde, phwando limene amayi amapatsa mkwatibwi ziwiya asanakwatiwe. Linali ku Woodlands, kumenenso magetsi kunalibe, ndipo masipika ankafuna batire.

Batire lidapita, ndipo masiku otsatirawo ba Chalwe sadagone. Miyendo idalemera, mutu unkazungulira. Ankagwada kuti apemphere monga mwa masiku onse, koma dzina la ba Lukonde, limene ankalitchula poyamba penipeni, ankalephera kulitchula. Mdani akanawachita zimenezi akanapirira. Koma uyu ankadya naye mbale imodzi, Mgonero ankalandira atagundana mapewa.

Loweruka adavala chitenge chija, adakulunga makina awo m'nsalu, naitana takisi. Woyendetsa adawanyamulira mpaka m'tenti.

"Ba Chalwe abweletsa fuliji!" adafuula mayi wina, amayi onse n'kuseka. "Mwelwa uli ndi mwayi!"

Iwo sadapite kumene ankaunjika mphatso. Adayenda pang'onopang'ono, akumaima kuti apume, mpaka kuseri kwa masipika kumene kunali batire. Adakoka mpando, adamasula nsalu, adabaya pulagi pamalo otsala. Makina adayamba kulira. Adaika kachubu m'mphuno, napinda nsalu ija kuti atsamire mutu.

Kuseka kudatha. Ambiri mwa amayiwo adali m'tchalitchi tsiku la umboni lija, ndipo tsopano ankayang'ana kachubuko, kenako n'kuyang'ana wapampando wawo.

Ba Lukonde adafika msangamsanga, akumwetulira alendo, nawerama.

"Mufuna kundichititsa manyazi pamaso pa asewele anga, amake a mkwati?" adanong'ona.

"Ayi, amake Mwelwa. Mwana ndi wathu tonse, Mulungu amudalitse. Ine ndangobwela kugona. Vinani."

"Chokani apa. Tikamba mailo, kukacha."

"Mailo ndi kutali kwa munthu wosagona."

Dzanja la ba Lukonde lidafika pa pulagi. Lidakhala pamenepo kanthawi. Amayi ake a mkwati adali atasiya kudya, akuyang'ana dzanjalo. Ba Lukonde adalibweza, adakonza duku lawo, nakodola mtsikana wa nyimbo kuti akweze mawu.

Ng'oma zidagunda mpaka mpando kunjenjemera. Mwelwa adalowa atafunditsidwa chitenge, amayi akuvina kutsogolo kwake. Ba Chalwe adayesa kutsegula maso kuti amuone mwanayo, amene adamunyamula tsiku la ubatizo wake, koma zikope zidakana. Milomo yawo idayamba pemphero, lidafika pa dzina lija, ndipo asanasankhe kulitchula kapena kulidumpha, tulo tidawatenga.