Jekete Yopulumukira

Nkhani ya sitima ija inawapeza akumwa tiyi. Pakanema wa m'chipinda chopumulira ankaonetsa madzi otuwa, nsapato zikuyandama, ndi mtolankhani akulimbana ndi mphepo. Anati sitima yonyamula anthu ndi katundu yamira m'mawa, ndipo opulumuka ndi ochepa. Anthu anapukusa mitu, wina n'kunena kuti zachisoni bwanji, kenako n'kupempha kuti amupatsire shuga.

Woyamba kutsegula pakamwa anali Wayilesi. Dzinali anamupatsa anzake chifukwa munthuyo analibe pozimitsira. Anati sitimayo yachita bwino kumira kamodzi n'kamodzi, kusiyana ndi kampani yawoyi yomira pang'onopang'ono, imene woyendetsa wake amaponya anthu m'madzi kuti iyeyo asanyowe nsapato. Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa mano okha. Aliyense ankadziwa kuti mwezi umenewo adulanso anthu, ndipo padesiki yolandira maoda a makasitomala patsala munthu mmodzi. Pamenepo panali awiri, Wayilesi ndi mayi wina wofatsa amene onse ankangoti Mayi a pawindo. Wayilesi anali ndi ana atatu apasukulu, ndipo ankaopa kuti wochotsedwayo akhala iyeyo. Ntchito sankaitha kwenikweni. Chimene chinamusunga zaka zonsezi n'chakuti ankatha kuseketsa bwana.

Nkhani ya madzi inawakumbutsa jekete. Kale, kampani ikadali yonenepa, inawatengera kudamu kukakwera bwato, ndipo wina anabwerako ndi jekete yopulumukira, ya olenji, yokhala ndi kawezulo pachingwe. Inangokhala pamwamba pa kabati mpaka kudula anthu kutayamba. Ndiye Wayilesi anayambitsa mwambo wake. Amene akumuganizira kuti ndi wotsatira ankaipeza pampando. Akachotsedwadi, ankamuveka jeketeyo tsiku lomaliza, n'kumutsitsa masitepe akuliza wezulo, anzake akuwomba m'manja.

Tsiku limenelo anakumbutsana onse. Dalaivala uja amene anapunthwa n'kutsika masitepe ndi matako. Mlembi uja amene analira mpaka zopaka kumaso zinathimbirira kolala ya jekete. Nanga bambo onenepa a kusitolo aja, amene zingwe zinakana kukumana pamimba, anthu n'kumati amenewa ayandama okha? Palibe anafunsa kuti anthuwo akudya chiyani masiku ano.

Ali mkati moseka analowa bwana, amene kumbali ankamutcha Lumo. Wayilesi anatembenuza lilime pomwepo, nati sitima imamira chifukwa cha katundu wolemera amene sayenda, ndipo woyendetsa wanzeru amataya msanga. Lumo anamwetulira, n'kufunsa ngati jekete ija ilipobe. Bwanayu ankaukonda mwambowo, ankati umachotsa nkhope za maliro muofesi.

Wayilesi anakwera pampando n'kuitsitsa, akuikuntha fumbi. Mayi a pawindo sanali m'chipindamo. Chiyambireni m'mawa ankangotuluka ndi foni kukhutu, n'kubwera, n'kutulukanso. Atafika pampando wawo, jekete ili m'manja, Wayilesi anakumbukira kanthu. Chaka chatha mayiwa anagawa maswiti muofesi monse, akuti mwana wawo wamwamuna wapeza ntchito yophika m'sitima. Iye anadya awiri. Koma sitima n'zambiri padziko, anadziuza choncho, ndipo Lumo anali ataima pakhomo, mano ali kale pamtunda. Wayilesi anaiveka jeketeyo pampandopo bwinobwino, n'kumanga zingwe kumbuyo.

Lumo anaseka mpaka kugwira chitseko. Enawo anaseka momutsatira, aliyense akuthokoza mumtima kuti mpandowo si wake.

Mayiwo analowa foni ili m'manja. Anaima n'kuyang'ana mpando wawo nthawi yaitali, kuseka kuja n'kumazima kumodzikumodzi.

"Mwana wanga anali m'sitima imeneyo," anatero motsitsa mawu. "Sakumupeza."

Anamasula zingwe zija mosafulumira, n'kuikumbatira jeketeyo pachifuwa ngati khanda, n'kutuluka nayo. Chikwama chawo anachiiwala pansi pa desiki.

Mtembo sunapezeke. Anthu a muofesi anapita kukapepesa, Lumo ali patsogolo ndi nkhata ya maluwa, nkhope itagwa ngati mwanayo anali wake. Wayilesi sanapite, anati mutu. Nkhani ya jekete inafika kulikulu la kampani, ndipo kumeneko anaona kuti kuchotsa mayi wofedwa kungawaipitsire dzina. Komabe padesiki paja panayenera kutsala munthu mmodzi.

Lumo anaitanira Wayilesi muofesi mwake, osamupatsa ndi mpando womwe. Anati kampani singasunge munthu wopanda umunthu, ndipo iye chichitikireni zimenezo chakudya sichikumulowa. Wayilesi anayesa nthabwala, inagwa pansi. Anayesa za ana ake, bwana anayang'ana wotchi.

"Koma bwana, inu munaseka," anatero.

"Ine? Ndinkatsokomola."

Tsiku lomaliza analongedza zake m'katoni: kapu, chipeso, chithunzi cha ana, ndi tayi imene ankasungira misonkhano. Chimodzi chokha chinkamutonthoza, chakuti jekete inapita, choncho atuluka ngati munthu. Anadikira kuti anthu aweramire makompyuta, n'kunyamuka mwakachetechete.

Pamasitepe anapeza Mayi a pawindo. Anali atabwerera kuntchito m'mawa womwewo, ataonda, maso atalowa mkati. Jekete inali pamkono. Anzake anadzuka mmodzimmodzi n'kudzandanda m'mbali mwa khoma monga mwa masiku onse, koma manja anali m'matumba.

"Ikani katoni pansi, achimwene," anatero mayiwo.

Anaika. Mayiwo anamulowetsa mkono uwu, kenako uwo, ngati mwana wopita kusukulu. Jeketeyo inkanunkhira sopo, anali ataichapa, ndipo banga la mlembi lija linali litachoka. Anakoka chingwe cha pachifuwa mpaka nthiti zinamupweteka, n'kugwada kumanga cha m'chiuno, n'kuyesa ndi chala ngati chalimba. Wayilesi anafuna kupepesa, koma kwa nthawi yoyamba chilowereni pakampanipo pakamwa panauma. Manyazi anamutentha mpaka m'makutu.

"Wanga akuti sanamupatse," anatero mayiwo akuwongola kolala. "Majekete sanakwane. Anayamba ndi apaulendo, ophika anatsala."

Anatola kawezulo kaja, n'kukapukuta ndi nsonga ya mpango, n'kumuika pamilomo.

"Lizani, achimwene. Mwina wina akumvani."

Wayilesi ananyamula katoni yake n'kuliza. Kamawu kake kanatsika masitepe, kanagunda chitseko cha pansi n'kubwerera. Atafika pansi analizanso, mwamphamvu, akuyang'ana m'mwamba kumene kunali anzake aja. Onse anali atabwerera kale pamadesiki awo.