Petulo m'Chitsime cha Emelda

Amene anawononga chitsime cha Emelda Nakayange ndi Cuthbert Simkonda, ndipo pa Boma la Chitipa palibe amene sankadziwa. Atatseka malo ake ogulitsira petulo anazula mapampu, koma thanki ya pansi anangoithira simenti pamwamba n'kuisiya. Dzimbiri linaboola. Mvula itadula, madzi a m'chitsime cha Emelda, kuseri kwa mpanda wa Cuthbert, anayamba kununkha ngati galaja, pamwamba pakuyandama mafuta a mitundumitundu.

Chitsimecho anakumba ndi malemu amuna ake, ndipo mzere wonse wa nyumba unkatunga pomwepo. Emelda anapondaponda ku maofesi mpaka anamutumizira a Lucius Mbewe, woyeza madzi wa ku Dedza. A Mbewe anaboola timabowo pafupi ndi thankiyo, n'kuikamo mapaipi oyezera. Kenako anasuzumira m'chitsime.

"Mawa ndidzatenga madzi muno, mayi. Pasapezeke wotungamo, chifukwa mafuta amakhala pamwamba. Ndikawapeza, chitsime titseka ndipo a Simkonda afukula thanki yawo. Ndikapanda kuwapeza, ndiye kuti sanadutse mpanda, tidzaonana chaka chamawa."

M'mawa mwake, Emelda akuchokera kuchigayo, anamva zidebe zikulira kuseri kwa nyumba yake. Anapeza Edith, woyandikana naye nyumba, ndi amayi ena ali kalikiliki. Ena akuwengula mafuta ndi mbale, ena akukapa madzi, wina akukwecha pakamwa pa chitsime ndi sopo.

"Iwe Edith! Mwapenga?"

"Kukubwera mlendo, amama. Mlendo amafikira pauve? Akatiseke kwawo kuti anthu a ku Chitipa amamwa nyansi?"

"Usandinamize ine. Nena zenizeni."

Edith anaika mbale pansi. "Akatseka tikatunga kuti? Mjigo wa kusukulu mukuudziwa mzere wake. Ine ndili ndi khanda kumsana. Tizingowengula, tiziphitsa, moyo uzipita."

"Petulo amaphitsa? Sopoyo wakupatsani ndani?"

Pamwamba pa mpanda panatulukira mutu wa Cuthbert.

"Monire, amama a petulo! Tandipatsaniko pang'ono, njinga yanga yauma."

"Sekani, adada. Mano mudakali nawo."

"Ine ndathandiza ukhondo basi. Walira mvula walira matope, amama. Mwaitana nokha boma, musadzalire ludzu."

Emelda asanamubweze, njinga yamoto ya a Mbewe inaima pabwalo. Amayi anakankhira zidebe kuseri kwa bafa, manja n'kupukutira m'zitenje. A Mbewe anatsitsa m'chitsime kapaipi koonekera mkati komangidwa pa chingwe, anakakweza, n'kukayang'anitsitsa kudzuwa. Ananunkhiza. Anatsitsanso.

"Komatu lero akuoneka bwino. Madziwa atsika chonchi bwanji? Alipo watungamo?"

Edith anamuyang'ana Emelda, maso akupempha. Khanda linali m'tulo kumsana kwake, kukamwa kuli yasa. Emelda anaona njira ya kusukulu m'maganizo, fumbi la mwezi wa Okotobala, ndi mawondo ake omwe ankalira akakwera chitunda. Anaonanso amayi omwe anamuphikira pa maliro a amuna ake. Akangokhala chete, chitsime chikhala chotsegula ndipo onse azimupatsa moni.

"Atungamo," anatero. "Awengula, akapa, akwecha ndi sopo wa bambo ali pampandawo. Bwerani muone."

Anakoka chidebe kuseri kwa bafa n'kuchiika pamapazi pa a Mbewe. Fungo linawafika asanawerame. Mutu wa Cuthbert unazimiririka pampanda.

A Mbewe anathira madziwo m'botolo, natseka. "Awa sindingawadalire, adutsa m'manja ambiri. Chitsime ndichitseka lero lomwe, chikhazikike, ndidzayezenso. Pepani amayi, si ine, ndi ntchito."

"Yewo," anatero Emelda.

A Mbewe anavundikira chitsimecho ndi chitsulo n'kupachikapo loko. Kulira kwa lokoyo aliyense anakumva. Njinga itachoka, amayi anayamba kutola zidebe zawo mosamuyang'ana Emelda.

"Mwatiyanika, amama," anatero Edith. "Madzi amene mukamwe lero, mukatunge nokha. Musatume mwana wa munthu."

Emelda anamanga chitenje, nanyamula ndowa yake yopanda kanthu. Atafika pakati pa bwalo anatembenuka.

"Ndikatunga ndekha, miyendo sinaduke. Koma musanachoke pakhomo panga pano, chidebe icho chili apocho, kapu ndikupatsani. Ndani atunge amwetse mwana wake ine ndikuona? Musayang'ane pansi! Pakamwa munali napo pondinena. Edith, ndayamba ndi iwe. Ndiyankhe!"