Utaka m'Chipewa cha Sajeni

Miyezi itatu yathunthu Stanley anali akudya chinangwa cha amalume ake ku Maganga, ndipo m'mawa umene anabwerera ku Senga Bay mkazi wake Dorothy sanadziwe kuti aseke kapena amugende ndi beseni. Anamupeza ali kale pagombe, chipewa cha mlaza chitaphimba nkhope, atagwira chingwe cha khoka la a Nasir ngati munthu amene sanachokepo.

"Mwapenga kodi, bambo a Faith?" Dorothy ananong'ona. "Apolisi akukufunanibetu."

"Andigwire ndikukoka. Khasu landikwana ine."

Dorothy anamulalatira chapansipansi, koma kunena zoona mtima wake unkavina. Mwamuna anali atabwera, wowonda pang'ono koma wamoyo, ndipo zinali zovuta kuti mano abisike.

Chimene chinamuthawitsa Stanley chinali chikwama cha mzungu wina, mlendo wa pa loji yoyandikana ndi gombelo. Chikwamacho chitasowa, mwini loji, nayenso mzungu, anauza apolisi kuti anaona munthu wakuda akupalasa njinga yofiira kuseri kwa mpanda. Umboni unathera pomwepo. Apolisi anatulukira kwa Dorothy, nagwetsa thandala loyanikapo usipa, nanyamula njinga yofiira ya Stanley, mwini wake atatulukira kale pazenera. Kugombeko palibe anadabwa. Mzungu akaloza chala wapolisi sankafunsa kawiri, koma msodzi akakadandaula kuti amubera injini ankauzidwa kuti galimoto ilibe mafuta.

Kenaka kunabwera wapolisi watsopano, Sajeni Rosemary, ndi nkhani yakuti apolisi asintha. Anachititsa misonkhano pansi pa mtengo wa mango, ndipo kawiri konse anatumiza uthenga kwa Dorothy kuti Stanley abwere, palibe mlandu. Koma Dorothy anakulira pa nsomba, ndipo ankadziwa kuti nyambo yonona imabisa mbedza. Uthengawo anauyankha ndi chete.

Khoka linali likadali kutali pamene munthu wina anafuula kuti, "Boma ilo!"

Dorothy anacheuka. Sajeni Rosemary ankatsetsereka ndi mchenga, yunifolomu yosita bwino, akukankha njinga yofiira. Inali yomwe ija, ndi belu lake lomangidwa ndi waya. Mayiyo anaiyedzamitsa ku bwato, navula nsapato, napinda buluku mpaka m'mawondo. Pa malo onse amene analipo pachingwe chachitalicho, iye anakagwira kutsogolo kwenikweni kwa Stanley! Sajeniyo nkhope ya Stanley sankaidziwa, koma gombe lonse linkaidziwa, ndipo munthu mmodzi akanangolankhula mosasamala zonse zikanathera pomwepo.

"Kokani, bwana, musasisite chingwecho!" anakuwa a Nasir, mwini khoka, bambo wa ndevu zaimvi amene sankaopa munthu.

Anthu anaseka, nyimbo inayambiranso, zidendene zikukumba mchenga. Sajeni anagwa chagada kamodzi, nadzuka akuseka, nagwiranso. Anakoka ndithu, osati zachiphamaso, mpaka thukuta linadetsa msana wa yunifolomu. Khoka litayandikira madzi anayamba kuwira. Unali utaka, wochuluka moti amayi anataya mabeseni n'kulowa m'madzi ndi zitenje zomwe. Mluzu, nthungululu, agalu kuuwa! A Nasir ankangoti "Alhamdulillah" uku akuthamanga uku ndi uko ngati mnyamata. Dorothy naye anakuwa mpaka mawu kusasa, diso limodzi pa nsomba, lina pa chipewa cha mlaza.

Tsono pagombe pali mwambo umene ngakhale mwana woyamwa amaudziwa. Aliyense amene wagwira chingwe, kaya ndi mlendo, kaya ndi mdani wa mwini khoka, sabwerera chimanjamanja. Amalandira ndiwo. A Nasir anayamba kugawa, ndipo atafika pa Sajeni anatapa mbale yodzaza mpaka kusefukira.

"Zikomo bambo, koma ayi," anatero Sajeni Rosemary mokweza kuti onse amve. "Masiku ano wapolisi saloledwa kulandira kanthu kwa anthu. Zimenezo zinatha."

Mayi wachisoni! Analankhula monyadira, akuyembekezera kuti amuombera m'manja. M'malo mwake gombe linangoti zii. Munthu wokoka n'kukana ndiwo amakhala akunena chimodzi mwa ziwiri: kuti nsomba zanu n'zonyansa kwa iye, kapena kuti sanabwerere kukoka. A Nasir anaima ndi mbale yawo m'manja, nkhope itagwa. Anthu anayamba kufutukira kumbuyo, ndipo Dorothy anaona Stanley akusendera pang'onopang'ono cha ku bango. Ankamudziwa mwamuna wake. Akalowa m'bangomo ulendo uno sakaima pa Maganga, akafika ku Mozambiki.

Mantha anamuchokera Dorothy osatsanzika. Anakankha anthu nakaima pamaso pa wapolisiyo.

"Madamu, tambasulani manja anu."

Sajeni, modabwa, anatambasula. Zikhatho zinali zofiira, matuza awiri ataphulika kale.

"Anzanu aja ankatenga nsomba pano manja ali m'thumba," anatero Dorothy. "Chimenecho ndiye chiphuphu, ndipo mwachita bwino kuchithetsa. Koma izi si mphatso ayi. Izi ndi za matuza amenewa. Mukazikana, ife tiziti munabwera kudzatiwerenga nkhope."

"Inu ndinu ndani, mayi?"

"Ndine mkazi wa mwini njinga mwabwera nayoyo."

Sajeni Rosemary anayang'ana Dorothy, nayang'ana mbale, nayang'ananso zikhatho zake. Manyazi anamugwira poyera, ndipo sanawabise. Anafunafuna poti alandirire, koma analibe jumbo ngakhale beseni. Ndiye anavula chipewa cha boma, nachitembenuza, nachigwira ndi manja awiri atapinda maondo.

"Pepani bambo, sindinadziwe. Thirani."

A Nasir anakhuthula mbale yonse, naonjezera dzanja lina lapamwamba. Nthungululu imene inalira pamenepo inaposa ya nsomba zija. Amayi ena anavina, ena anagwa pamchenga ndi phwete poona utaka ukuphiriphitha m'chipewa, madzi akudontha pa chizindikiro cha polisi.

Phokoso litachepa Sajeni analankhula, chipewa chikadali m'manja.

"Chikwama chija chinapezeka pansi pa mpando wa boti la pa loji, patangopita masiku awiri. Mwini loji sanaone chifukwa chodzatiuza, ndipo ife sitinaone chifukwa chokamufunsanso. Tinakhulupirira khungu m'malo mwa umboni. Tinalakwa. Mwini lojiyo ndamulembetsa chikalata chovomera zimenezi, ndili nacho m'thumbamu. Njinga ndabwera nayo ndekha poti inu kupolisi kuja simungabwere, ndipo sindikukudzudzulani. Amuna anu ali kuti, mayi?"

Dorothy anayang'ana njinga ija. Uyu anali mwamuna wake, ndipo akalakwitsa apa ndiye kuti wamupereka yekha. Gombe lonse linayang'ana pansi ngati lataya singano.

"Ndili pano, bwana."

Stanley anali atabwerera kuchokera ku bango kuja, chipewa cha mlaza chili m'manja, nkhope yonse poyera.

"Ndi ine ndimakupondani chidendene pachingwe paja."

Sajeni anapatsira Dorothy chipewa cha nsomba chija kuti amugwirire. Maso a Dorothy anali pa unyolo umene unkalendewera m'chiuno mwa wapolisiyo. Koma dzanja silinapite kumeneko. Mayiyo anakatenga njinga, naikankha mumchenga mpaka pamene panaima Stanley.

"Pepani, bambo. Miyezi itatu ija sindingathe kukubwezerani. Njinga yanu nayi."

Stanley anagwira mahandulo, nayesa belu. Linalira. Dorothy naye analira, mokweza, mopanda manyazi, misozi ikugwera pa utaka wa boma.

Tsiku limenelo sanadzere njira ya kuseri kwa matandala. Anadutsa mumsewu waukulu dzuwa likuswa mtengo, Dorothy atakhala pakaliyala ndi beseni pamiyendo, akupereka moni ngakhale kwa anthu amene sankalankhulana nawo. Stanley ankaliza belu pakhomo lililonse, ndipo atafika pageti la loji ija anachepetsa liwiro naliza katatu.