Mawaya Pamutu pa Ghassan

Ghassan anamanga nyumba za miyala mu Amman zaka makumi atatu asanagwepo. Tsiku lomwe anagwa, thabwa linathyoka ali pansanjika yachiwiri, mutu n'kukamenya pamulu wa miyala yomwe anasema yekha. Anatsitsimuka patapita masiku anayi. Fupa linalumikizana, bala linapola, madokotala n'kumuuza kuti wachira.

Koma munthu amene anabwerera kunyumba sanali yemwe mkazi wake, Suhair, ankamudziwa. Ankangokhala pawindo, khofi n'kumazizirira m'manja. Anzake akabwera ankanamizira tulo. Kumzikiti anasiya kupita. Sankalira, sankakalipa. Mumtima munangoti zii, ngati m'nyumba yosamukamo.

"Bambo a Dima, chikukupwetekani n'chiyani?" Suhair ankafunsa.

"Palibe. Vuto lake ndi lomwelo, palibe chomwe ndikumva."

Mankhwala anamuthandiza kugona, basi. Chitatha chaka, mwana wawo Dima, yemwe anali namwino, anamva za dokotala wina, mayi Lubna, amene ankagwiritsa ntchito makina pophunzitsa ubongo wovulala. Ghassan anavomera chifukwa analibe mphamvu zokanira.

Dokotalayo anamumata timawaya pamutu n'kumukhazika patsogolo pa kanema. Munali ngalawa panyanja.

"Bambo, timawayati tikungomvetsera, sitikuikani magetsi," anatero Lubna. "Ubongo wanu ukadekha, ngalawa iziyenda. Ukasokonezeka, iima. Musalimbane nayo. Ubongo uphunzira wokha, pang'onopang'ono."

Ghassan anacheukira mkazi wake. "Mwandikweza mabasi awiri kuti ndidzaonere zidole?"

"Takhalani chete, akulu inu. Chaka chathunthu mwakhala mukuonera makatani, nanga ngalawa yalakwanji?"

Ankapita kawiri pamlungu. Ngalawa inkati ikasuntha n'kuima, ikasuntha n'kuima. Ghassan ankaiyang'ana n'kumadziona yekha. Ulendo wakhumi anauza dokotala kuti sadzabweranso.

"Sindingakulonjezeni kanthu," anatero Lubna. "Ena zimawathandiza, ena ayi. Koma mwezi watha simunkakhala mphindi zisanu osatopa. Lero mwakhala makumi awiri."

Iye sanali atazindikira zimenezo. Anabweranso, osati chifukwa chokhulupirira, koma chifukwa Suhair ankamuikira nsapato pakhomo.

Tsiku lina akuchokera komweko, basi inawatsitsa pamunsi pa chitunda, iwo n'kumakwera masitepe opita kwawo. Pakati pa njira Ghassan anaima. Amisiri atatu ankamanga khoma la mpanda.

"Iwe!" anakuwira mmodzi wa iwo. "Mwala umenewo waugoneka chagada! Mvula ikabwera madzi alowera pati? Anakuphunzitsa ndani, wometa tsitsi?"

Mmisiri uja anatukula mutu. "Ndiye tabwerani mutionetse, madala, poti pakamwa ndinu katswiri."

Ghassan anapatsira mkazi wake jekete. Mwalawo unamulemera kuposa kale, koma anautembenuza n'kuukhazika, unangoti khe. Atatembenuka, anapeza Suhair atakhala pasitepe, akuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Mukulira chiyani?"

"Mwatukwana munthu, bambo a Dima. Mulungu atamandike, mwatukwana munthu!"

Ndi pamene anamva kuti mtima ukugunda, nkhope yatentha. Unali mkwiyo chabe, koma unali wake.

Sikuti zonse zinatha tsiku lomwelo. Panali masiku ena pomwe mdima wa mumtima uja unkabwerera, iye n'kulephera kudzuka mpaka masana. Pamwamba pa nyumba sanakwerenso, chifukwa chizungulire sichinamusiye. Dima atafunsa ngati chomwe chinamuthandiza chinali makinawo, mankhwala, kapena kukwera masitepe kuja, dokotala anayankha kuti mwina zonse pamodzi.

Nyengo yokolola azitona itafika, mkulu wake anaimba foni kuchokera kumudzi ku Ajloun, monga ankachitira chaka chilichonse. Ghassan anamvetsera, kenako anatseka foniyo ndi dzanja.

"Amake Dima, akuti manja akuchepa. Tipite Lachinayi kapena Loweruka?"