Kawaya Kamene Bambo Anasiya

"Makiyi a kachipinda ka pampu ndi awa," anatero manijala wa hotelo, akuwaika patebulo pakati pa makapu a tiyi amene palibe anamwa. "Pepani kuti ndikuyankhula za ntchito misozi isanaume."

Anakhala pampando wa malemu, poti ndi wokhawo umene unalibe munthu. Mayi anali pakona, manja ali pamiyendo. Mwana wawo wamwamuna, amene ankayenera kubwerera kuntchito kwake Loweruka, anaima pakhomo. Wamkazi, amene bambo ake ankamutcha Injiniya chilowereni kuyunivesite, ankangoyang'ana makiyiwo. Digiri yake inali pansi pa matiresi chaka chachiwiri tsopano, kuti isapindike.

Nkhani ya manijala inali yaifupi. Nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa hotelo inali ya wosamalira dziwe losambiramo, ndipo wosamalirayo anaikidwa m'manda Lolemba.

"Pali ntchito imodzi imene inawakanika bambo anu," manijala anauza Injiniya. "Bokosi limene limayatsa ndi kuzimitsa pampu ya dziwe lili ndi malo otsala. Ndinawauza kuti alumikizepo valavu ya madzi a pakapinga, kuti m'mawa uliwonse madzi azitseguka okha. Miyezi isanu. Lero akuti thiransifoma, mawa akuti mawaya achepa. Mukaitha pofika Lachisanu, ntchito ndi yanu, nyumbanso mukhalabe."

"Ikakanika?" anafunsa wamwamuna uja.

"Pali kampani ina imene imachita zimenezi. Iwo safuna nyumba."

Manijala atatuluka, mchimweneyo anakankhira makiyi kwa mlongo wake.

"Wamva, Injiniya. Zaka zinayi zija zioneke."

"Zisanu, achimwene."

"Ndiye bwino. Kwanga ndi chipinda chimodzi, muli alamu ako ndi ana awiri. Amayi ndikawagoneka pati? Pamwamba pa firiji?"

"Musandikambirane ngati katundu ndili pompano," anatero mayi. Sanakweze mawu. Anatolera makapu n'kukakhuthula tiyi kunja.

Lachinayi m'mawa Injiniya anatsegula kachipinda ka pampu. Munkanunkha mankhwala a m'madzi. Ovololo ya bambo ake inali pamsomali, mawondo ake akadali opindika. Anaima pang'ono kudikira kuti amve kanthu mumtima. Pampu inkangolira. Atatopa kudikira, anatsegula bokosi.

Ankayembekezera chipwirikiti, ndipo pansi pamtima ankachifuna, chifukwa zinthu zosokonekera ndi zimene zinkamukhazika mtima pansi kuyambira ali mwana. Koma mawaya anali ondondozana bwinobwino, uliwonse uli ndi kapepala kolembedwa ndi zilembo zazikulu za bambo ake. Bokosilo limatulutsa magetsi amphamvu ngati a m'nyumba, pamene valavu imafuna ochepa. Ukailumikiza mwachindunji imapsa. Apa ndi pamene munthu wosiyira sukulu panjira akanalakwitsa. Bambo ake sanalakwitse. Thiransifoma yochepetsa mphamvu ya magetsi inalipo, yomangidwa bwino, itachita kale fumbi.

Anatsatira mawaya kudutsa pakhoma, pansi pa nthaka, mpaka pa valavu m'mphepete mwa kapinga. Anayeza magetsi ndi mita ya bambo ake. Panalibe cholakwika. Anabwerera, nayambiranso, ndipo ulendo wachiwiriwu ndi pamene anakaona: kawaya kofiira, kopindidwira kumbuyo, nsonga yake itakulungidwa mosamala ndi tepi yakuda. Pakati pa nsongayo ndi kasikuluwu komangirapo pankangokwana chala chimodzi. Ntchito ya miyezi isanu inali itatsala mphindi imodzi.

Kunja, Madala amene ankathirira kapinga wa hoteloyo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankakoka payipi yawo ya mphira, chala chachikulu chili pakamwa pa payipiyo kuti madzi amwazike. Masamu ake sanafune digiri: madzi akamatseguka okha, Madala safunikanso.

Madala anasuzumira pakhomo, akupukuta manja pa buluku.

"Mwakapeza?"

"Mumadziwa?"

"Ngalande za mapayipizo ndinakumba ndine, mwana wanga. Kudzikumbira ndekha dzenje, bambo anu ataima apo akuti, 'Madala, kumbani mowongoka.'" Anaseka pang'ono. "Mwezi ukatha ankabwera nkhope ili gwa, n'kunena kuti, 'Madala, sayansi yatikanikanso.'"

"Ndikakamanga kawayaka, inu ntchito yatha."

"Ine ana anga ndi akuluakulu. Mangani."

"Akusungani anawo?"

Madala anayang'ana payipi yawo imene inkataya madzi pa simenti.

"Ndasiya madzi akutayika," anatero, n'kuchoka.

Masana Injiniya anapeza mchimwene wake akupinda malaya a malemu, kupatula amene angamukwane.

"Zatheka?"

"Kwatsala kawaya kamodzi."

"Ndiye wabwereranji?"

Anamufotokozera. Mchimweneyo anamvetsera mpaka kumapeto, malaya ali m'manja.

"Bambo ankatha kuchita chifundo, anali ndi nyumba," anatero. "Ife tili ndi Lachisanu."

"Bambo anu ankabwera n'kunena kuti manijala wawakalipiranso," anatero mayi ali kukhitchini. "Tsiku limenelo ankadya bwino."

"Ndiye ndichite chiyani, amayi?"

"Ine za mawaya sindizidziwa."

Lachisanu, itangokwana eyiti koloko, manijala anaima pakhomo la kachipinda ka pampu. Madala anali chapatali, payipi atayikulunga kale pamapazi awo. Palibe anawauza kuti ayikulunge. Injiniya anamatula tepi, nawongola kawaya, nakalowetsa pamalo pake n'kumanga. Anadina batani. M'bokosi munamveka kuti ke, ndipo timipopi tinatumphuka m'kapinga motsatizana n'kuyamba kuwaza madzi.

Manijala anagwedeza mutu mokhutira. Anayenda m'mphepete mwa kapinga manja ali kumbuyo, nafika pakona, naima.

"Nanga kuno?"

Injiniya anapita. Madzi ankathera pamene kapinga ankathera. Maluwa a m'mbali mwa khoma, a kuzungulira dziwe, mpanda wa zitsamba wofika kugeti, miphika ya pakhonde, zonse zinali zouma. Anagwada pa kampopi kamodzi. Kanali katatembenuzidwa kuti madzi ake azigwera mkati, kenako n'kumatidwa ndi guluu wa mapayipi. Anayang'ana kachiwiri, kachitatu. Tonse tinali chimodzimodzi.

"Sitingatembenuzidwe?" anafunsa manijala.

"Pokhapokha mufukule kapinga yense n'kuyala mapayipi ena, bwana."

Sikunali kunama. Manijala anayang'ana kapingayo, amene alendo ankajambulirapo zithunzi. Anayang'ana maluwa. Anapukusa mutu.

"Ndinawauza kuti kapinga," anatero, ngati akudziyankhulira. "Achita kapinga." Ananyamuka, kenako anacheuka. "Makiyiwo sungani. Madala, maluwawa akudikira ndani?"

Madala anawerama n'kuyamba kumasula payipi pang'onopang'ono. Injiniya anatsala atagwada, bondo limodzi lili ponyowa, lina pouma. Guluu wa pa kampopiko anali atasalazidwa ndi chala asanaume, ndipo chidindo cha chalacho chinkaonekabe. Anaikapo chake. Cha bambo ake chinali chachikulu.